Ngalande Imangidwa Kawiri: Poyamba M'kompyuta, Kenaka M'nthaka

Pa ntchito zonse zimene manja a anthu amanga m'mizinda ya pa dziko lapansi, palibe ina yolandira ulemu wochepa, chikhalirecho ili yosunga miyoyo ya makamu a anthu, yoposa ntchito ya ngalande ndi mapaipi ochotsa madzi. Pakuti nyumba yosanja ionekera kutali, ndipo mlatho autsegula akuluakulu pakati pa nthungululu ndi magule, koma paipi yoikidwa pansi pa msewu, ikangokwiriridwa ndi dothi, palibe diso la munthu loionanso kufikira tsiku limene yalephera ntchito yake, madzi nalowa m'masitolo ndi m'nyumba za anthu. Chifukwa chake nkoyenera kuti ife amene tiyenda pamwamba pa zinthu zobisikazi tidziweko momwe mainjiniya a masiku ano amazilinganizira asanakumbe dzenje ngakhale limodzi, ndiponso zida zimene amasankha pogwira ntchitoyo, popeza zotsatira za kusankha kwawo zimatigwera tonsefe mvula ikagwa.

Akale a ntchito imeneyi ankajambula ndi pensulo pa pepala lalikulu, ndipo makompyuta atafika, olowa m'malo mwawo anapitiriza kujambula mizere yomweyo pa makina; mzere unali mzere chabe, wosadziwa ngati ukuimira paipi, mpanda kapena malire a munda. Njira yatsopano, imene akatswiri amaitchula mwachidule kuti BIM, inasintha maziko a ntchitoyo motere: m'malo mojambula chithunzi cha chinthu, injiniya amamanga chinthu chenichenicho m'kompyuta, chokhala ndi utali wake, kutambalala kwake ndi kuya kwake, nachipatsa mbiri yake yonse. Paipi ya m'kompyutayo imasunga kukula kwa kamwa lake, imadziwika ngati ndi ya konkire kapena ya pulasitiki, ndipo imalumikizidwa ndi dzenje limene yachokera ndi limene ikupita. Kotero kuti msewu ukakwezedwa ndi masentimita 30, zivundikiro za maenje a mumsewumo zimakwera nawo pamodzi, ndipo chiwerengero cha zipangizo zofunika kugula chimasintha nthawi yomweyo. Boma la Britain, litaona phindu la njirayi, linalamula m'chaka cha 2011 kuti pofika 2016 ntchito zomanga zolipiridwa ndi boma lalikulu zizichitika motero. Ndipo mu 2018 malamulo a kasungidwe ka mbiri zoterezi anakhala muyeso wa maiko onse, wodziwika ndi nambala ya ISO 19650.

Lamulo limene madzi amatsata

Tisanayerekeze mapulogalamu, tiyenera kudziwa ziwalo zimene akuyembekezeka kuumba, pakuti ngalande si chinthu chimodzi ayi, koma thupi la ziwalo zambiri. Pali kakamwa ka m'mphepete mwa msewu kolandira madzi, kotchingidwa ndi zitsulo kuti zinyalala zisalowe. Pali dzenje lokhala ndi chivundikiro, limene amisiri amati manhole, polowera munthu wokayendera mapaipi. Pali mapaipi eniake. Pali makalavati odutsa pansi pa msewu, pamodzi ndi khoma la pakamwa pake ndi mapiko ake awiri ogwira dothi. Pali ngalande yotseguka yoyalidwa miyala. Ndipo palinso madamu aang'ono osunga madzi kanthawi kuti asathamangire kumtsinje onse pamodzi.

Ziwalo zonsezi zimvera lamulo limodzi losasinthika, lakuti madzi atsikira kumunsi, ndipo samva pempho la munthu kapena lamulo la mfumu. Ndiko kunena kwa makolo athu kuti madzi saiwala khwawa. Paipi ikapendekeka pang'ono kwambiri, madzi amayenda mwaulesi, mchenga nukhazikika pansi kufikira njira yatsekeka. Ikapendekeka mopitirira, madzi amatuluka ndi ukali nakumba nthaka ya pakamwa pake. Kawirikawiri kupendekeka koyenera kumakhala kochepa ndithu, monga sentimita imodzi pa mita iliyonse, mwakuti kulakwa kwa masentimita ochepa poyeza kungathe kutembenuza madzi kuti abwerere kumene achokera. Injiniya wa ku Ireland, Robert Manning, anapereka m'chaka cha 1889 masamu owerengera madzi oyenda m'ngalande, amene mapulogalamu ambiri akugwiritsabe ntchito lero lino. Ndipo masamuwo amaulula chinthu chodabwitsa, kuti paipi ikakula kamwa kawiri, siinyamula madzi owirikiza kawiri okha, koma kasanu ndi kamodzi ndi kupitirirapo pang'ono. Kuti muone kukula kwa katundu amene mapaipi asenza, lingalirani bwalo la phula la hekitala imodzi: mvula ya mamilimita 50 ikagwapo m'ola limodzi, madzi ake amakwana malita 500,000, ndiwo malita pafupifupi 139 pa sekondi iliyonse, ndipo onsewo afuna njira.

Kuchokera pa zimenezi tipeza miyeso itatu yoyesera pulogalamu iliyonse. Woyamba ndiwo wa kuumba: kodi pulogalamuyo ikhoza kupanga chiwalo chofanana ndi chimene amisiri adzamangedi, ndi kuchiika pamalo pake m'nthaka? Wachiwiri ndiwo wa madzi: kodi ikhoza kunena ngati chiwalocho chidzakwanitsa kunyamula mvula? Wachitatu ndiwo wa mbiri: kodi zimene yasunga zikhoza kuperekedwa kwa munthu wina, wa pulogalamu ina, wa m'badwo wina, popanda kutayika panjira?

Zida zazikulu ndi mphamvu zake

Civil 3D, ya kampani ya Autodesk ya ku America, ndiyo yofala m'maofesi ambiri a mainjiniya a misewu. Mphamvu yake ili pa kudziwa nthaka: imalandira miyeso ya oyeza malo, nkuumba nayo mapiri ndi zigwa, ndipo mapaipi ndi maenje amatengedwa pa mndandanda wa ziwalo wokonzedweratu, nayalidwa motsata msewu, chithunzi cha m'mbali choonetsa kuya kwa paipi iliyonse chikutuluka chokha. Imachenjezanso injiniya pamene dothi lokwirira paipi lachepa, kapena kupendekeka kwaphwanya malamulo amene iye anaika. Koma pofika pa muyeso wa kuumba ziwalo zachilendo, pamenepo pali thukuta. Pakuti chida chake chopangira ziwalo zatsopano, Part Builder, nchodziwika ndi kuvuta kwake, ndipo khoma la kalavati wodutsa msewu mopingasa, kapena dzenje la maonekedwe osazolowereka, lingathe kudya masiku a munthu. Kuwerengera madzi mozama kumachitikira m'pulogalamu ina yoyenda nayo limodzi, kotero kuti injiniya amatumiza mapaipi ake uko ndi kuwabwezanso, ndipo pa ulendo uliwonse ayenera kuyang'anitsitsa kuti palibe chasintha mosadziwika.

Revit, imene inabadwira ku Massachusetts m'kampani yokhazikitsidwa mu 1997, Autodesk nkuigula mu 2002, ndiyo mfumu ya nyumba. Ziwalo zake amaziika m'mabanja, ndipo munthu waluso akhoza kuumba nayo manhole wokongola koposa, wokhala ndi makwerero ake, zitsulo za m'kati mwa konkire ndi chivundikiro chake, nkumasintha kukula kwake pongolemba nambala. Pa mapaipi a m'kati mwa chipatala kapena sukulu, ndi pa nyumba ya mapampu, palibe chifukwa choifunira mnzake. Koma ikatuluka panja mphamvu zake zimachepa, popeza siinalengedwere zinthu zazitali zotsata msewu: eni ake omwe amalangiza kuti zonse zomangidwamo zikhale m'kati mwa makilomita 16 kuchokera pa chiyambi cha miyeso yake, ndipo siiwerengera mvula yogwa pa chigwa. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, poona chithunzi chowala nkuyesa kuti ntchito yatha. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, pakuti manhole angathe kukhala wangwiro m'maonekedwe ake onse pamene paipi yotulukamo ili yochepa kwa madzi amene adzafikepo.

OpenRoads Designer, ya kampani ya Bentley Systems imene inakhazikitsidwa mu 1984 ndipo likulu lake lili ku Pennsylvania, inatsata njira ina. Mu 2004 Bentley inagula Haestad Methods, kampani yodziwika ndi mapulogalamu owerengera madzi monga StormCAD, ndipo nzeru za masamuwo zinalowetsedwa m'kati mwenimweni mwa pulogalamu yolinganizira misewu. Motero chiwalo chimodzi chimanyamula maonekedwe ake ndi khalidwe lake la madzi pamodzi, ndipo injiniya akhoza kugwetsa mvula pa msewu wake wa m'kompyuta osatuluka pakhomo. Nchifukwa chake nthambi zambiri zoona za misewu m'zigawo za dziko la United States zimaigwiritsa ntchito. Mtengo wa ubwino umenewu ndi kukonzekera: pulogalamuyi isanayambe kutumikira bwino, pafunika munthu wodziwa kuti ayale maziko a ziwalo zonse ndi malamulo ake, ntchito imene ofesi yaikulu imaichita kamodzi nkupindula nayo zaka zambiri, koma ofesi ya anthu atatu imalemedwa nayo.

Palinso mapulogalamu amene anakulira m'dera limodzi natenga makhalidwe a kumeneko. 12d Model ya ku Australia imalumikiza kuyeza malo, misewu ndi ngalande m'chida chimodzi, ndipo njotchuka kwawoko ndi ku New Zealand. Civil Designer, yopangidwa ndi kampani ya Knowledge Base ya ku Cape Town, ili ndi zigawo za misewu, madzi a mvula, madzi akumwa ndi zonyansa za m'zimbudzi, ndipo mainjiniya ambiri a kummwera kwa Africa anaphunzira ntchito ndi iyo. Ku Britain kunali MicroDrainage, imene mapulani ambiri a ngalande opita kumakhonsolo ankawerengedwa nayo, ndipo wolowa m'malo mwake ndi InfoDrainage, yaluso pa madamu aang'ono ndi timakwawa ta udzu tomwetsa madzi m'nthaka. Kampani yake, Innovyze, inagulidwa ndi Autodesk mu 2021 pa mtengo wa madola biliyoni imodzi, umboni wakuti ngakhale wamkulu pa msikawo anaona kuti muyeso wa madzi unali womuperewera. Potsiriza pali SWMM, yochokera ku nthambi ya boma la United States yoteteza chilengedwe, imene inayamba kutuluka mu 1971, ndipo imaperekedwa kwaulere kwa aliyense. Siiumba ziwalo zooneka ngati zenizeni, koma powerengera momwe madzi amadzadzira m'mapaipi ndi kusefukira m'misewu njodalirika kotero kuti mapulogalamu ena ogulitsidwa anamangidwa pa masamu ake.

Tikaika zonsezi pa muyeso, chimene chioneka poyera nchakuti palibe pulogalamu imodzi yopambana pa miyeso yonse itatu, ndipo wofunsa kuti yabwino koposa ndi iti ayenera kuyamba wayankha kuti ntchito yake ndi yotani: ya nyumba ndi bwalo lake, ya msewu wa makilomita ambiri, kapena ya mzinda wosefukira.

Popatsirana ntchito

Popeza mutu umodzi susenza denga, ntchito yaikulu iliyonse imadutsa m'manja ambiri: wojambula nyumba ali ndi Revit, wa misewu ali ndi Civil 3D kapena OpenRoads, wa magetsi ndi wa madzi akumwa ali ndi zawo, ndipo zonsezo ziyenera kukumana pamalo amodzi, monga m'pulogalamu ya Navisworks, kuti zioneke ngati paipi ya ngalande siikupyoza maziko a nyumba kapena kugundana ndi chingwe cha magetsi. Kupeza ngozi yotere m'kompyuta kumadya ola limodzi la munthu mmodzi, pamene kuipeza konkire atathiridwa kale kumadya chuma ndi miyezi, ndipo nthawi zina kumabala milandu.

Kuti mapulogalamu a makampani osiyana amvane, bungwe la buildingSMART linakonza chiyankhulo cha onse chotchedwa IFC. Koma kwa zaka zambiri chinali kudziwa nyumba zokha, ndipo misewu, njanji, milatho ndi madoko zinalandiridwa mokwanira mu IFC 4.3, imene inavomerezedwa kukhala muyeso wa maiko onse mu 2024. Ngakhale tsopano, chiwalo chikatuluka m'pulogalamu imene chinabadwira chimafika kwina chitauma: maonekedwe ake ndi mbiri yake zilipo, koma mphamvu ija yosinthika pamodzi ndi msewu yatha, monga nsima imene ikaphikidwa singabwererenso kukhala ufa. Chifukwa chake mainjiniya anzeru amapangana pa chiyambi penipeni, kuti ndani adzaumba chiwalo chiti, adzachitcha dzina lotani, ndipo ndi mbiri iti imene iyenera kupulumuka pa ulendowo.

Pali msampha winanso umene ukhudza dziko lathu mwachindunji. Mapu akale a Malawi anajambulidwa pa maziko a miyeso otchedwa Arc 1950, pamene zida za GPS zimayeza pa maziko a WGS 84, ndipo malo amodzi omwewo amasiyana ndi mamita oposa 200 pakati pa njira ziwirizi. Munthu akasakaniza miyeso ya uku ndi uko mosafunsa, kalavati wake adzakhala wolongosoka m'zonse, koma ali kutali ndi mtsinje umene anayenera kuuolotsa. Safunsa anadya phula.

Zofunika kulingalira kwathu kuno

Mapulogalamu ambiri amene tatchulawa analeredwa m'maiko amene madzi a mvula amayenda m'mapaipi okwiriridwa, pamene m'misewu yambiri ya Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu madzi amayenda m'ngalande zotseguka za miyala ndi simenti. Mndandanda wa ziwalo wobwera ndi pulogalamu umakhala wodzala ndi maenje ndi zivundikiro za ku America kapena ku Ulaya, zimene mmisiri wa kuno sadzazimanga. Ndipo ngalande yotseguka, m'pulogalamu ngati Civil 3D, kawirikawiri amaiumba monga mbali ya msewu kapena ya nthaka, osati monga chiwalo cha mapaipi. Pakufunika tsono kuti mabungwe athu a misewu ndi makhonsolo a mizinda, mothandizana ndi sukulu zophunzitsa uinjiniya monga MUBAS, akonze nkhokwe imodzi ya ziwalo zofanana ndi zimene timamangadi, kuti ofesi iliyonse isamayambe payokha ntchito imene ingachitike kamodzi nkupindulira onse.

Nkhani ya ndalama nayonso siingabisike. Kuyambira mu 2016 Autodesk inaleka kugulitsa mapulogalamu ake kuti akhale a wogula mpaka kalekale, ndipo tsopano munthu amalipira chaka ndi chaka. Malipirowo amatsata ndalama zakunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 iliyonse mu November 2023, katundu ameneyu analemera koposa pa mapewa a maofesi aang'ono. Koma wosowa ndalama asayese kuti watsekeredwa kunja, pakuti ndi SWMM pamodzi ndi QGIS, pulogalamu yaulere ya mapu, injiniya wakhama akhoza kuwerengera madzi a dera lonse moona, ndipo kuwerengera koona kopanda chithunzi chokongola kuposa chithunzi chokongola chopanda kuwerengera.

Choposa zonse, tikumbukire kuti kompyuta imabweza zimene yapatsidwa. Ngalande iliyonse imalinganizidwa kuti inyamule mvula ya ukulu wakutiwakuti, monga imene imayembekezeka kamodzi pa zaka 10, kutanthauza kuti chaka chilichonse pali mwayi umodzi pa khumi wakuti ifike. Ndipo nambala imeneyo imachokera m'kaundula wa mvula amene a zanyengo asunga zaka zambiri, amene akakhala wopereweza, masamu onse otsatira amakhala omangidwa pa mchenga. Namondwe wa Freddy, amene mu March 2023 anagumula phiri la Soche nakwirira nyumba za ku Chilobwe, anaonetsa kuti ilipo mvula imene palibe paipi ingainyamule. Motero injiniya wokhulupirika salekera pa kufunsa ngati paipi ikwanira, koma amafunsanso kuti tsiku limene idzalephere madzi otsalawo adzadzera kuti, ndipo kumeneko kukugona ana a yani. Ndiponso palibe pulogalamu imene imaona mapepala a pulasitiki ndi mchenga zimene zimatseka makalavati athu mvula isanayambe. Zimenezo amaziona ndi munthu amene wayenda ndi mapazi ake m'mbali mwa ngalandeyo.

Mawu athu otsiriza apite kwa eni ntchito, ndiwo makhonsolo, maunduna, mipingo ndi onse amene amalipira mainjiniya m'dzina la anthu. Musatengeke ndi dzina la pulogalamu kapena kuwala kwa zithunzi zoonetsedwa pa khoma, koma funsani mafunso atatu: mvula imene mwawerengera mwaitenga kuti, miyeso ya nthaka inayezedwa liti, ndipo pa maziko ati, ndipo ntchito ikatha mudzatisiyira chiyani? Lembani m'pangano kuti kontilakitala akamaliza, paipi iliyonse iyezedwenso monga yaikidwiradi m'nthaka dothi lisanabwezedwe, ndi kuti mbiriyo iperekedwe kwa inu m'njira yotseguka ngati IFC, imene idzawerengeka ngakhale kampani yopanga pulogalamuyo itasintha malonda ake. Ngalande yomangidwa bwino imakhala zaka makumi ambiri, kupitirira moyo wa pulogalamu iliyonse ya lero, ndipo amene adzaikonze ndi anthu amene pakali pano ali pa sukulu ya pulaimale. Tili nawo mangawa akuti tiwasiyire mbiri yoona ya zimene takwirira pansi pa misewu yawo.